Ngati mafotoni awiri ndi olukana, bwanji Bob sangadziwe zimene Alice wachita?

Tadala:
Moni nonse. Pali funso landisowetsa tulo masiku atatu tsopano, ndipo ndikupempha inu amene munazama pa fiziki ya quantum mundimasule. Tinene kuti Alice ndi Bob agawana mafotoni (tizidutswa ting'onoting'ono ta kuwala) awiri amene ali mu entanglement, kapena kuti olukana, ndiye kuti zotsatira zowayeza zimayenderana, wina imodzi, winanso imodzi, kenako atalikirana kwambiri. Ndawerenga kuti Alice akayeza fotoni yake ndi sefa ya kuwala yoimika chilili, n'kupeza kuti ndi yoimirira, ya Bob nayonso imapezeka yoimirira. Akapeza yogona, ya Bob ndi yogonanso. Koma akapendeketsa sefayo ndi madigiri 45, ya Bob imakhala yopendekera kumanja kapena kumanzere. Nanga bwanji osagwirizana kuti sefa yachilili ndi "inde", yopendeketsa ndi "ayi"? Bob angoona ngati fotoni yake ili m'gulu la zoimirira ndi zogona kapena la zopendekera, basi uthenga wafika, kuposa liwiro la kuwala. Ndikudziwa kuti penapake ndaphonya, poti aliyense amati n'zosatheka. Koma pamene ndaphonyapo sindikupaona.

Yamikani:
Achemwali, ine ndimazimva chonchi: zili ngati nsapato ziwiri zoikidwa m'mabokosi awiri. Mukatsegula lanu n'kupeza yakumanzere, mwadziwa kuti mnzanu ali ndi yakumanja. Palibe chimene chayenda pakati panu. Zonse zinakonzeka kale pa tsiku loika m'mabokosi.

Mphunzitsi Jere:
A Yamikani, nsapatozo zikanatithandiza zikanakhala kuti funso lofunsa fotoni ndi limodzi lokha. Koma sefa mukhoza kuitembenuza pa madigiri aliwonse, ndipo John Bell anasonyeza mu 1964 kuti mayankho okonzeratu sangathe kugwirizana pa madigiri onsewo mwamphamvu ngati mmene quantum imanenera. Freedman ndi Clauser anaziyesa mu 1972, gulu la Aspect mu 1982, ndipo mu 2015 gulu la ku Delft, ku Netherlands, linatseka mipata ikuluikulu yokayikitsa ndi maelekitironi otalikirana makilomita 1.3. Choncho nsapato tiziike pambali. Koma pa mfundo yakuti palibe uthenga woyenda, mwalasa.

A Tadala, pamene paphonyeka ndi pa mawu akuti "angoona". Fotoni sionedwa ngati mmene munthu amaonera mtengo. Umaifunsa funso limodzi, poiikira sefa pa madigiri amene wasankha, ndipo imayankha kuti yadutsa kapena yatsekeka. Ikayankha, mkhalidwe wake wakale wapita.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Bob waika sefa yake pa madigiri 30 kuchokera pogona. Ngati Alice anayeza chilili, theka la mafotoni a Bob ndi ogona, theka ndi oimirira. Ogona amadutsa 75 pa 100 alionse, oimirira 25 pa 100. Kuphatikiza, theka ladutsa. Ngati Alice anapendeketsa, theka ali pa madigiri 45, ndipo awa amadutsa pafupifupi 93 pa 100. Theka lina ali pa madigiri 135, amadutsa pafupifupi 7 pa 100. Kuphatikiza, theka lomwelo. Sinthani 30 uja muike nambala iliyonse imene mungafune, mupeza theka nthawi zonse. Alice amasankha funso, koma sasankha yankho, ndipo poti yankho lake ndi lamwayi, zimene zimafika kwa Bob zimasakanikirana mpaka kufanana ndendende.

Tadala:
Zikomo aphunzitsi, ndayesa ndi madigiri 10 ndi 60, zoonadi likutuluka theka. Koma ndiloleni ndikakamirebe. Vuto ndi lakuti fotoni ndi imodzi ndipo funso ndi limodzi. Nanga Bob ataichulukitsa kaye, n'kukhala ndi mafotoni 100 ofanana nayo? Ayeze 50 chilili, 50 chopendeketsa. Gulu limene onse 50 ayankha chimodzimodzi, ndiye kumeneko n'kumene Alice anayeza.

Mphunzitsi Jere:
Mwafika pamene anafika Nick Herbert mu 1982. Iye analemba maganizo omwewa, nawatcha FLASH, ndipo ankati laser ndi imene idzachulukitse fotoniyo. Asher Peres anali mmodzi wa ounika pepalalo, ndipo pambuyo pake anafotokoza yekha kuti analola kuti lisindikizidwe ngakhale ankadziwa kuti ndi lolakwika, chifukwa kufufuza cholakwikacho kudzaphunzitsa anthu zambiri. Zinaterodi. Chaka chomwecho Wootters ndi Zurek, komanso Dennis Dieks payekha, anasonyeza kuti palibe makina amene angakopere bwinobwino mkhalidwe wa quantum umene sakuudziwa. Makina okopera bwino zoimirira ndi zogona amaononga zopendekera. Laser nayo, ikamachulukitsa kuwala, imalavulanso mafotoni ena achisawawa, ndipo phokoso limenelo limakwirira ndendende zimene Bob amafuna kuona.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti malire amenewa sanaikidwe mwachisawawa. Mu 1996 Bužek ndi Hillery anapeza makina okopera mopereŵera, otulutsa makope awiri, lililonse lofanana ndi loyamba pa mlingo wa 5/6. Mu 1998 Nicolas Gisin anasonyeza kuti mutangodutsa 5/6 ameneyo, ngakhale pang'ono, njira ya a Tadala ingayambe kugwira ntchito. Chilengedwe chimalola kukopera mpaka pakhomo penipeni pa kutumiza uthenga woposa kuwala, n'kuima pomwepo.

Limbani:
Pepani ndilowerere ndi nkhani ya mawu. Entanglement tiziti chiyani m'Chichewa? Ena amati kulumikizana, koma ine ndimagwira ntchito ya manetiweki, ndipo kwa ife kulumikizana ndi pamene pali waya kapena siginolo pakati. Mawu amenewo ndi amene amasokoneza anthu, amayamba kuganiza kuti pali chingwe chobisika chimene Alice akukoka.

Tadala:
Ine pamutu paja ndinalemba "olukana". Ulusi wolukana sungaufotokoze umodziumodzi, chingwecho ndi cha onse awiri.

Mayi Nyirenda:
Kulukana ndalandira. Ndi bwino kuposa kupiringizana, poti kupiringizana kumamveka ngati chisokonezo, pamene chinthuchi ndi chadongosolo kwambiri.

Ndinagwirapo ntchito pa tebulo la zoyesera zoterezi, ndiye ndikuuzeni mmene zimaonekera ndi maso. Laser ya mtundu wa buluu wopita ku pepo, ya mananomita 405, imawalira pa kakrisito kakang'ono kotchedwa BBO. Mwa mafotoni ochuluka zedi olowamo, imodzi mwa apo ndi apo imagawika n'kukhala awiri a mananomita 810, amene diso silingawaone. Mumazimitsa magetsi onse, chifukwa ngakhale kakuwala ka foni kamasefukira m'maditekita, zida zowerengera mafotoni. Pa kompyuta pamakhala manambala atatu: mafotoni ofika mbali ya Alice, ofika mbali ya Bob, ndi ofika pamodzi mkati mwa mananosekondi ochepa.

Tsiku langa loyamba ndinagwira kagudumu ka sefa ya mbali ya Alice n'kumakatembenuza pang'onopang'ono, maso ali pa nambala ya Bob. Sinasunthe. Inkangonjenjemera pamalo pomwepo monga imachitira nthawi zonse. Ndinatembenuza mpaka kuzungulira, osasintha kanthu. Koma nambala yachitatu ija inkakwera mpaka pamwamba, n'kutsika mpaka pafupifupi ziro, n'kukweranso, motsatira dzanja langa. Ndipo nambala yachitatuyo imatheka kuwerengedwa chifukwa mawaya awiri, wochokera kwa Alice ndi wochokera kwa Bob, amakumana m'bokosi limodzi. Mukazula waya umodzi, nambalayo kulibe. Funso lanu lonse, a Tadala, lili pa waya umenewo.

Yamikani:
Ndiye ngati fotoni ili pa madigiri 0 kapena pa 45, palibiretu njira yodziwira? Tingoponya ndalama m'mwamba?

Mphunzitsi Jere:
Ayi, apo ndi nkhani ina, ndipo tisaisakanize ndi yoyamba ija. Poyamba Bob amafuna kusiyanitsa zosakaniza ziwiri zimene ndi zofanana kotheratu, ndipo pamenepo kuponya ndalama ndiye mapeto. Koma wina akakupatsani fotoni imodzi n'kukuuzani kuti ili pa 0 kapena pa 45, mwayi wofanana, mukhoza kuchita bwino kuposa pamenepo, kungoti simungafike pa 100.

Ambiri amayamba ndi kuika sefa pa 0. Ikadutsa amati ndi ya 0, ikatsekeka amati ndi ya 45. Njira imeneyi imalondola 75 pa 100. Koma sunthani sefayo muiike pa madigiri 22.5 kumbali inayo ya 0, kutali ndi 45. Tsopano ya 0 imadutsa pafupifupi 85 pa 100, ndipo ya 45 imatsekeka pafupifupi 85 pa 100. Carl Helstrom, amene anagwira ntchito imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anasonyeza kuti pamenepa ndiye padenga. Palibe makina, ngakhale amene sanapangidwe, amene angapose.

Ilipo njira ina kwa munthu amene safuna kulakwa n'kamodzi komwe. Amalola makina ake kuyankha katatu: "ndi ya 0", "ndi ya 45", kapena "sindikudziwa". Ivanovic mu 1987, Dieks ndi Peres mu 1988, anapeza malire ake. Pa mafotoni athu awiriwa, yankho lotsimikizika limabwera pafupifupi 29 pa 100, kotsalako makina amavomera kuti sadziwa. Ndi sefa wamba yoikidwa pa 90 mumapeza 25 pa 100, chifukwa chilichonse chodutsa pamenepo sichingakhale cha 0. Kuti mufike pa 29 pamafunika luso loonjezera.

Limbani:
Apa ndiye mwandifika pamtima, chifukwa ndi pamene chitetezo chagona. Bennett mu 1992 anapanga njira yogawana kiyi wachinsinsi ndi mikhalidwe iwiri yokha yotereyi. Womvetsera mobisa sangadziwe motsimikiza chimene chadutsa, sangakopere, ndipo akayeza n'kutumiza chimene akuganiza, amasiya zolakwika zimene eni ake amaziona akayerekeza mbali ya zotsatira zawo.

Koma ndili ndi dandaulo. Ngati kulukana sikutumiza uthenga, ndipo sikuthandiza Bob kudziwa kanthu, ndiye phindu lake pa kusiyanitsa mikhalidwe patali lili pati? Mutu wa nkhani zimenezi ndimauona kawirikawiri, koma apa mwakhala mukungotiuza zosatheka.

Mphunzitsi Jere:
Dandaulo lanu n'lomveka, achimwene, ndipo ndi pamene nkhaniyi imakoma. Tisinthe funso. Tsopano munthu wachitatu wakonza mafotoni awiri mu mkhalidwe wina, wapatsa Alice imodzi, Bob imodzi, ndipo akuwafunsa onse awiri kuti, "Ndakupatsani uti?" Amaloledwa kuimbirana foni mmene angafunire, koma aliyense amagwira fotoni yake yokha.

Tengani mikhalidwe inayi ya Bell. Kuti muimve mosavuta, iliyonse imayankha mafunso awiri: tikayeza tonse chilili, tipeza zofanana kapena zosiyana? Tikayeza tonse chopendeketsa, tipeza zofanana kapena zosiyana? Woyamba ndi zofanana konse, wachiwiri zofanana chilili koma zosiyana chopendeketsa, wachitatu mosemphana ndi wachiwiri, wachinayi zosiyana konse. Mafotoni onse awiri akakhala pa tebulo limodzi, fiziki imalola muyeso umodzi wofunsa mafunso awiriwo nthawi imodzi, popanda kufunsa fotoni iliyonse payokha kuti yaloza kuti. Koma akatalikirana, Alice ndi Bob akayeza chilili n'kuimbirana, amapeza yankho la funso loyamba, ndipo lachiwiri laonongeka. Peyala imodzi ya mafotoni, funso limodzi.

Mu 2000 Walgate, Short, Hardy ndi Vedral anasonyeza kuti mikhalidwe iwiri iliyonse yoyera (yosasakanizana ndi ina), yosiyana kotheratu, ikhoza kusiyanitsidwa ndi anthu otalikirana, ngakhale ikhale yolukana chotani. Chaka chotsatira Ghosh ndi anzake anasonyeza kuti pa mikhalidwe ya Bell, ikangokwana itatu, peyala imodzi sikwanira. Atapatsidwa mapeyala awiri ofanana, zatheka, lina funso loyamba, lina lachiwiri.

Tsono phindu mumafunsa lija ndi ili. Ngati Alice ndi Bob anasunga kale peyala ina yolukana, yodziwika bwino, Alice akhoza kusamutsira mkhalidwe wa fotoni yake kwa Bob kudzera mu teleportation, njira ya Bennett, Brassard, Crépeau, Jozsa, Peres ndi Wootters ya mu 1993. Amayeza fotoni ya funso pamodzi ndi theka lake la peyala yosungidwa, amapeza chimodzi mwa zotsatira zinayi, amatumiza mabiti awiri (manambala awiri, iliyonse 0 kapena 1) pa foni, Bob amakonza fotoni yake molingana ndi mabitiwo. Tsopano zonse zili pa tebulo la Bob, ndipo akhoza kufunsa mafunso onse awiri. Peyala yosungidwa ija yatha, siibwerera. Kulukana ndi kumene kwalipira mtunda.

Tadala:
Ndiye kuti foni ikufunikabe.

Mphunzitsi Jere:
Nthawi zonse. Mabiti awiriwo asanafike, chimene Bob wagwira ndi chisawawa chenicheni, theka ndi theka pa sefa iliyonse, monga tinawerengera poyamba paja.

Mayi Nyirenda:
Aphunzitsi, mundikhululukire, koma pa pepala mwazipeputsa kwambiri. Muyeso wa Bell umene mukuti Alice "amayeza" ndi umene umatulutsa thukuta. Mafotoni sagundana, amangodutsana ngati sakuonana. Chimene timachita ndi kuwakumanitsa pa galasi logawa kuwala pakati, afike nthawi imodzi ndendende, afanane mtundu ndi mawonekedwe mpaka chilengedwe chisathe kudziwa uyu ndi uti. Zikatero, malo amene atulukira amatiuza kanthu. Koma ndi magalasi ndi masefa okha, popanda mafotoni othandizira, timazindikira bwino mikhalidwe iwiri mwa inayi, ina iwiriyo imaoneka chimodzimodzi. Calsamiglia ndi Lütkenhaus anatsimikiza mu 2001 kuti theka ndiye malire a zida zoterezi.

N'chifukwa chake ku Innsbruck, ku Austria, mu 1996, pamene Mattle, Weinfurter, Kwiat ndi Zeilinger anayesa dense coding, imene pa pepala imanyamula mabiti awiri pa fotoni imodzi, anatha kusiyanitsa mauthenga atatu okha, pafupifupi mabiti 1.58. Ndiye m'njira yanu ija, Alice apambana theka la nthawi, kenako Bob naye akumana ndi khoma lomwelo pa tebulo lake.

Mphunzitsi Jere:
Mwanena zoona mayi, ndavomera. Ndingoonjeza kuti limenelo ndi khoma la zida, osati la fiziki. Ndi maayoni (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi) ogwidwa mu msampha kapena makyubiti (mabiti a quantum) a superconductor, kumene tinthu tiwiri timatha kukhudzana mwachindunji, muyeso wa mikhalidwe yonse inayi umatheka. Khoma la Helstrom ndi la kukopera ndi amene sasuntha.

Mayi Nyirenda:
Eya, koma maayoni sayenda mtunda. Oyenda ndi mafotoni. Ndiye mavuto onse amabwerera pa kulumikiza ziwirizo.

Yamikani:
Ine ndatsalira pang'ono. Ndimaganiza kuti kuvuta kusiyanitsa patali kumabwera chifukwa mikhalidweyo ndi yolukana. Ikakhala yosalukana, aliyense ali ndi kanthu kake, si basi aliyense ayeze kake n'kuuzana?

Mphunzitsi Jere:
Ambiri ankaganiza choncho mpaka 1999, pamene Bennett, DiVincenzo, Fuchs, Mor, Rains, Shor, Smolin ndi Wootters anatulutsa mikhalidwe isanu ndi inayi imene ilibe kulukana ngakhale pang'ono, yosiyana kotheratu, koma anthu otalikirana sangaisiyanitse popanda kulakwa. Jambulani bokosi la mizere itatu ndi mizati itatu. Mzere ndi wa Alice, 0, 1, 2; mzati ndi wa Bob, 0, 1, 2. Kabokosi kapakati ndi mkhalidwe umodzi. Tsono mabokosi asanu ndi atatu ozungulira muwaphimbe awiriawiri ndi timatabwa tinayi, tiwiri togona, tiwiri toimirira, tozungulira ngati tikuthamangitsana. Kathabwa kalikonse kali ndi mikhalidwe iwiri, wophatikiza mabokosi ake awiri ndi chizindikiro cha kuonkhetsa, ndi wina wa kuchotsera.

Alice ayambe. Akafunsa kuti "ndili mu mzere uti?", amadula timatabwa toimirira, ndipo kusiyana kwa kuonkhetsa ndi kuchotsera pa timeneto kwatayika mpaka kalekale. Kulikonse kumene angadutsitse mpeni pakati pa mizere, pali kathabwa kopingasa njira. Bob akayamba, amadula togona. Aliyense akufunika kudziwa kaye zimene mnzake ali nazo kuti asankhe funso losaononga, ndipo palibe angayambe. Ngakhale atamafunsa pang'onopang'ono mosinthana, olembawo anasonyeza kuti sizifika pa kutsimikiza.

Apanso peyala yolukana yosungidwa ndi imene imamasula mfundoyi. Ndipo mu 2008 Scott Cohen anasonyeza kuti pa magulu ena a mikhalidwe yosalukana yovuta chonchi, simufunika kulukana kochuluka ngati kumene teleportation yathunthu ingadye. Funso lakuti ntchito iliyonse imadya kulukana kochuluka bwanji ndi limene ofufuza akulimbana nalo, chifukwa kulukana kofika patali n'kosowa.

Limbani:
N'kosowadi. Setilaiti ya ku China yotchedwa Micius, imene inakwezedwa mu 2016, inagawa mafotoni olukana pakati pa Delingha ndi Lijiang, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 1,200, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017. Inkapanga mapeyala pafupifupi 6 miliyoni pa sekondi, koma ofika mbali zonse ziwiri anali pafupifupi imodzi pa sekondi. Kwa munthu wa manetiweki ngati ine, nambala imeneyo imandiuza kuti peyala iliyonse iyenera kuwerengedwa isanagwiritsidwe ntchito. Ndipo pa mtunda umenewo, mabiti awiri aja amatenga pafupifupi mamilisekondi 4 pa liwiro la kuwala. Nthawi yonseyo fotoni ya Bob iyenera kusungidwa osaonongeka, kapena ayeze kaye n'kudzamasulira zotsatira uthenga ukafika.

Tadala:
Ndajambula bokosi lija pa pepala ndipo ndayesa kudula. Pakati pa mzere 0 ndi 1 ndadula kathabwa ka kumanja, pakati pa 1 ndi 2 ndadula ka kumanzere. Ndinayesa kusiyanitsa mzere 1 ndi ina iwiriyo, ndadula tonse tiwiri. Aphunzitsi, tikachotsa kabokosi kapakati n'kutsala ndi isanu ndi itatu, zisintha? Poti timatabwa tonse tinayi tikadalipo, ndikuona ngati mpeni ukanabe kudutsa.

Mphunzitsi Jere:
Mwaona bwino, ukanabe, chifukwa chotchinga ndi timatabwa, osati kapakati. Tsopano bwezeranipo kapakatiko, muchotse kathabwa kamodzi koimirira, ka kumanja kaja, ndi mikhalidwe yake yonse iwiri. Alice afunse funso limodzi lokha: "ndili mu mzere 0, kapena m'mizere iwiri inayo?" Tsatirani nthambi zonse ziwiri, muone amene ayenera kufunsa kachiwiri ndi funso limene afunse, ndipo mutilembere pano zimene mwapeza.